John Snow

John Snow (15 Malichi 1813 – 16 Juni 1858) anali dokotala wa ku England, mmodzi mwa anthu oyamba kufufuza mwasayansi mankhwala ogonetsa amene wodwala amawakoka ndi mpweya pochitidwa opaleshoni. Iye anasonyeza kuti mankhwalawa sagwira ubongo wonse nthawi imodzi. Amayamba ndi mbali zoganizira ndi kumva ululu, ndipo mbali imene imayendetsa kupuma ndiyo imagonja pomaliza. Choncho moyo wa wodwala umadalira mlingo wa mankhwala amene ali mumpweya umene akupuma, komanso maso a munthu amene akuyang'anira kapumidwe kake. Anthu ambiri amamudziwa Snow chifukwa cha kafukufuku wake wa kolera mumzinda wa London, koma ntchito imene ankadyera, ndiponso imene inamutengera nthawi yambiri, inali yogonetsa odwala.

Ubwana ndi maphunziro

Snow anabadwira mumzinda wa York, mumsewu wa North Street, dera la anthu osauka limene linkasefukira madzi mtsinje wa Ouse ukadzaza. Anali mwana woyamba mwa ana 9 a William Snow ndi Frances Askham. Bambo ake ankagwira ntchito pamalo ogulitsira malasha, ndipo pambuyo pake anayamba ulimi.

Mu 1827, ali ndi zaka 14, anamutumiza ku Newcastle upon Tyne kukaphunzira ntchito kwa William Hardcastle, dokotala amene ankachita opaleshoni komanso kusakaniza mankhwala. Masiku amenewo ana a anthu wamba ankalowa udokotala mwa njira imeneyi, yokhala pakhomo pa dokotala zaka zingapo n'kumamuthandiza. Kolera itafika kumpoto kwa England, Hardcastle anatuma mnyamatayu mu 1832 kukasamalira anthu ogwira ntchito mumgodi wa malasha wa Killingworth. Kumeneko anaona amuna akutulutsidwa mumgodi atafooka kale ndi kutsegula m'mimba. Pansi pa mgodi panalibe zimbudzi, ndipo anthu ankadya chakudya chawo osasamba m'manja.

Ali ndi zaka 17 anasiya kudya nyama ndi kumwa mowa, ndipo ankayesetsa kumwa madzi oyeretsedwa okha. Atagwira ntchito yothandiza madokotala ku Burnopfield ndi ku Pateley Bridge, mu 1836 ananyamuka wapansi ulendo wa ku London, kudzera ku Liverpool, Wales ndi Bath. Analowa sukulu ya udokotala ya Hunterian mu Great Windmill Street, n'kumaphunzira kusamalira odwala pachipatala cha Westminster. Mu 1838 anavomerezedwa kukhala membala wa Royal College of Surgeons, ndipo mu 1844 analandira digiri ya MD ku yunivesite ya London. Anatsegula chipatala chake chaching'ono pa 54 Frith Street, m'dera la Soho. Odwala olipira bwino sankabwera ambiri, pakuti Snow anali munthu wofatsa, wa mawu osasa, wosadziwa kudzigulitsa.

Chidwi chake pa kupuma

Zaka zimene odwala anali ochepa sanazitaye. Ankapita kumisonkhano ya Westminster Medical Society, n'kumachita kafukufuku kunyumba kwake, ndipo nkhani imene ankabwererako kawirikawiri inali ya mpweya ndi kupuma. Mu 1841 anawerenga pamsonkhano pepala lonena za kubanika komanso kutsitsimula ana obadwa osapuma, ndipo anafotokoza kampopi kothandizira kulowetsa ndi kutulutsa mpweya m'mapapo mwa khanda. Anafufuzanso zimene zimachitikira nyama zikakhala m'malo amene okosijeni wachepa kapena mpweya woipa wa kaboni dayokisaidi wachuluka. Motero mankhwala ogonetsa atatulukira, Snow anali atazolowera kale kuyeza mpweya, kuwerengera kuchuluka kwake, ndi kuyang'anitsitsa chifuwa cha kanyama kali m'botolo.

Kubwera kwa ether

Mankhwalawa asanabwere, munthu ankachitidwa opaleshoni ali maso, amuna amphamvu atamugwira, ndipo dokotala waluso anali amene amadula mwendo mwamsangamsanga. Pa 16 Okutobala 1846, dokotala wa mano William Morton anagonetsa wodwala ndi nthunzi ya ether pachipatala cha Massachusetts General ku Boston, m'dziko la America. Nkhaniyi inafika ku London mu Disembala. Pa 19 Disembala dokotala wa mano James Robinson anazula dzino pogwiritsa ntchito ether, ndipo pa 21 Disembala Robert Liston anadula mwendo wa wodwala atamugonetsa pachipatala cha University College. Snow anakaonerera Robinson akugwira ntchito pa 28 Disembala.

Masabata oyambirira zinthu sizinkayenda bwino. Odwala ena ankagona, ena ankangoledzera n'kumalimbana ndi madokotala, ena ankatsokomola osagona n'komwe. Madokotala ena anayamba kuganiza kuti ether ndi wosadalirika. Snow anaona kuti vuto silinali la mankhwala koma la zipangizo. Ether ndi madzimadzi amene amawira pa madigiri 35 okha, kutentha kumene anthu a kuchigwa cha Shire amakudziwa bwino mu Okutobala. Kuchuluka kwa nthunzi imene mpweya umanyamula kumadalira kutentha: m'chipinda chofunda wodwala ankakoka mankhwala ambiri, m'chipinda chozizira ankakoka ochepa. Ndiponso ether akamasanduka nthunzi amadziziritsa yekha, choncho botolo limene linayamba bwino linkafooka pakangopita mphindi zochepa. Mu Januwale 1847 Snow anafalitsa tebulo losonyeza kuchuluka kwa nthunzi ya ether imene mpweya umatenga pa kutentha kosiyanasiyana. Kenako anapanga chipangizo chachitsulo chokhala m'beseni la madzi kuti kutentha kusasinthesinthe. Mkati mwake mpweya unkayenda njira yozungulira pamwamba pa ether, ndipo paipi yopita kwa wodwala anaikulitsa kuti munthu asavutike kukoka mpweya. Posapita nthawi anayamba kugonetsa odwala pachipatala cha St George's, ndiponso odwala a Liston ku University College.

Magawo asanu

M'buku lake la 1847, On the Inhalation of the Vapour of Ether in Surgical Operations, Snow anagawa mmene mankhwala amagwirira munthu m'magawo asanu. M'gawo loyamba munthu amamva kuti thupi lasintha koma amadziwa pamene ali, ndipo amatha kusuntha mwakufuna kwake. M'gawo lachiwiri maganizo amasokonezeka, munthu amatha kubwebweta kapena kuphiriphitha. M'gawo lachitatu sadziwanso kanthu, ngakhale minofu imatha kukungika. M'gawo lachinayi thupi lonse limalefuka, ndipo chimene chimaoneka chikuyenda ndi chifuwa chokha, nthawi zambiri munthu akuliza mkonono. M'gawo lachisanu kupuma kumafooka, kumadukizaduka, kenako kumaima. Gawo lomalizali Snow analifotokoza potengera zimene anaona pa nyama, ndipo cholinga chake chinali choti pa munthu lisafikidwe.

Maganizowa anali ndi maziko. Mu 1812 Julien Legallois wa ku France anasonyeza kuti kupuma kumayendetsedwa ndi kachigawo ka tsinde la ubongo, pamene ubongo umalumikizana ndi mtsempha wa mumsana. Kachigawoka madokotala amakatchula kuti medulla oblongata. Mu 1847 Pierre Flourens, wa ku France yemweko, anapeza kuti ether amagwira mbali za ubongo motsatizana, ndipo medulla ndiyo yomaliza. Chimene Snow anawonjezera ndi manambala. Pakati pa 1848 ndi 1851 analemba mndandanda wa mapepala mu London Medical Gazette ofotokoza kafukufuku wake. Ankaika mbewa, mbira, mbalame kapena achule m'mabotolo odziwika kukula kwake, n'kuthiramo mankhwala oyezedwa, n'kudikira kuti aone gawo limene kanyamako kafike. Kuchokera pamenepo ankawerengera mankhwala amene alowa m'magazi. Pa chloroform anapeza kuti mlingo umene umaimitsa kupuma ndi wongowirikiza pafupifupi kawiri mlingo wofunika pa opaleshoni. Pa mankhwala ambiri amene anthu amamwa, mpata wa pakati pa mlingo wochiza ndi wakupha ndi waukulu kuposa pamenepa.

Anazindikiranso chinthu chimene chinkapusitsa madokotala ambiri: munthu akamuchotsera mankhwala kumaso, tulo take timapitirira kukula kwa masekondi pafupifupi 20, chifukwa nthunzi imene yatsala m'mapapo imakhala ikulowabe m'magazi. Dokotala amene wadikira mpaka kuona kupuma kukuvuta ndiye kuti wachedwa kale. Snow ankadziyesanso yekha. Nthawi ina anapuma mobwerezabwereza mpweya wa okosijeni wosakaniza ndi mankhwala ogonetsa m'chipangizo chotsekeka, momwe munali potashi woyamwa kaboni dayokisaidi. Makina ogonetsera amakono amagwira ntchito pa mfundo yomweyi.

Pa funso loti mankhwalawa amagonetsa bwanji, Snow analakwitsa. Ataona kuti munthu wogonetsedwa amatulutsa kaboni dayokisaidi wochepa, anaganiza kuti nthunziyo imalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito okosijeni. Maganizo amenewa anasiyidwa.

Zimene zinadziwika pambuyo pake

Munthu sachita kukumbukira kuti apume. M'tsinde la ubongo muli timagulu ta maselo timene timatumiza uthenga mobwerezabwereza ku mnofu waukulu wa pansi pa mapapo ndi ku minofu ya pakati pa nthiti. Kagulu kamene kamayambitsa kayendedwe kameneka kanafotokozedwa mu 1991 ndi Jeffrey Smith, Jack Feldman ndi anzawo, ndipo kamatchedwa pre-Bötzinger complex. Maselowa amalandira uthenga wa mmene magazi alili. Mu 1905 John Scott Haldane ndi John Gillies Priestley anasonyeza kuti chimene chimakakamiza munthu kupuma kwambiri ndi kuchuluka kwa kaboni dayokisaidi. N'chifukwa chake mnyamata wodumphira m'nyanja sangathe kukhalitsa pansi pa madzi ngakhale atalimba mtima bwanji: mpweya woipa ukachuluka m'magazi, ubongo umamulamula kuvuuka. Palinso tiziwalo ting'onoting'ono m'mbali mwa mitsempha ikuluikulu ya pakhosi timene timazindikira okosijeni akachepa. Corneille Heymans wa ku Belgium analandira mphoto ya Nobel ya 1938 chifukwa cha kafukufuku wa tiziwalo timeneti.

Mankhwala ogonetsa okoka ndi mpweya amafooketsa dongosolo lonseli. M'maselo a ubongo amalimbikitsa uthenga woletsa, makamaka wodzera m'mankhwala achilengedwe otchedwa GABA, amachepetsa uthenga wodzutsa, komanso amatsegula timipata totulukira potaziyamu kotero kuti selo limavuta kuyankha. Zotsatira zake zimaoneka pachifuwa. Wodwala amapuma mofulumira koma mosazama, kaboni dayokisaidi amakwera m'magazi, ndipo ubongo suchitapo kanthu monga ukanachitira munthu ali maso. Minofu ya pakati pa nthiti imafooka msanga kuposa mnofu wa pansi pa mapapo, n'chifukwa chake munthu wogonetsedwa kwambiri amaoneka ngati akupuma ndi mimba. Lilime ndi minofu ya kummero nazonso zimalefuka n'kutsekereza njira ya mpweya, ndipo mkonono umene Snow ankaumva m'gawo lachinayi umachokera pamenepa. Mankhwala akachulukirabe, maselo oyambitsa kupuma amangoti zii.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi chitetezo cha thupi pa kuchepa kwa okosijeni. Mu 1978 Richard Knill ndi Adrian Gelb ku Canada anasonyeza kuti halothane wochepa kwambiri, wosakwana n'komwe kugonetsa munthu, amafooketsa kwambiri chitetezo chimenechi. Tanthauzo lake n'lakuti wodwala amene watuluka kufiyeta, amene akutha kutsegula maso akaitanidwa, akhoza kukhala kuti thupi lake silikuzindikirabe bwino kuti okosijeni wachepa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene wodwala amayenera kuyang'aniridwa ndi kupatsidwa okosijeni atangotuluka kumene.

Ether amasiyanako ndi anzake. Chifukwa amayabwa njira ya mpweya ndi kudzutsa mitsempha imene imafulumizitsa mtima, munthu amapitiriza kupuma bwino mpaka atagona kwambiri, ndipo kupuma kukaima mtima umakhala ukugundabe, kotero pamakhala mpata womupulumutsa pomupumitsa. Magawo asanu a Snow anakonzedwanso ndi Arthur Guedel wa ku America, amene magawo ake anayi, ofotokozedwa m'buku la 1937, akhala akuphunzitsidwa kwa ogonetsa odwala kwa zaka zambiri.

Chloroform ndi imfa ya Hannah Greener

Mu Novembala 1847 James Young Simpson, pulofesa wa za uchembere ku Edinburgh, anayambitsa chloroform. Anali wamphamvu kuposa ether, wonunkhira bwino, wosayaka moto, ndipo sankafuna chipangizo: madontho angapo pakansalu ankakwanira. Kuphweka kumeneku ndiko kunabweretsa ngozi. Pa 28 Januwale 1848, Hannah Greener, mtsikana wa zaka 15 wa ku Winlaton pafupi ndi Newcastle, anamwalira patangopita mphindi zochepa atayamba kukoka chloroform kuti amuchotse chikhadabo cha kuphazi. Simpson anati mtsikanayo anatsamwa ndi madzi ndi burande zimene anamumwetsa pofuna kumutsitsimula. Snow anatsutsa, nati chinamupha ndi nthunzi yochuluka ya pakansalu.

Kafukufuku wake pa nyama anamusonyeza kuti chloroform amapha m'njira ziwiri. Nthunzi ikakhala yochepa mumpweya koma n'kupitirizidwa nthawi yaitali, kupuma ndiko kumayamba kuima, mtima n'kumagundabe kwa kanthawi. Nthunzi ikakhala yochuluka, mtima umatha kuima mwadzidzidzi munthu akupumabe, ndipo apa kupulumuka kunali kovuta. Choncho analangiza kuti chloroform asapitirire pafupifupi magawo 5 pa 100 a mpweya, ndipo anapanga chipangizo china chothandiza kusunga mlingo umenewu. Wodwala akasiya kupuma, Snow ankati chofunika ndi kumupumitsa nthawi yomweyo, osati kumuthira madzi kumaso kapena kumumwetsa zinthu.

Mkanganowu unapitirira iye atamwalira. Madokotala a ku Edinburgh ankaphunzitsa kuti chloroform apatsidwe mosaumira pakansalu, munthu n'kumangoyang'ana kupuma, pamene a ku London ankakonda zipangizo ndi kugwira mtsempha wa padzanja. Makomiti awiri amene anakhazikitsidwa ku Hyderabad m'dziko la India mu 1888 ndi 1889 anagamula kuti kupuma ndiko kumayamba kuima nthawi zonse. Mu 1911 Alfred Goodman Levy anasonyeza kuti chloroform amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima mpaka kupha ngakhale munthu atangogona pang'ono, makamaka m'magazi mukakhala adrenaline wambiri monga zimakhalira munthu akachita mantha. Snow ndiye kuti analondola poloza mtima, koma sanalondole kwenikweni poganiza kuti imfa zonse zoterezi zimabwera chifukwa cha mlingo wochuluka. Iye mwini ankadziwa kuti ether ndi wosaopsa poyerekeza ndi chloroform, komabe ankagwiritsa ntchito chloroform chifukwa anali wachangu ndi wosavuta, ndipo ankakhulupirira kuti chipangizo chake chithetsa ngoziyo.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku

Kuyambira mu Julaye 1848 mpaka chaka chimene anamwalira, Snow ankalemba m'mabuku ake za odwala amene wawagonetsa, ndipo chiwerengero chawo chimaposa 4,000. Mabukuwa alipobe. Amasonyeza munthu woyendayenda mu London tsiku lonse, kuchoka kwa dokotala wa mano kupita kuchipatala, kuchoka kuchipatala kupita kunyumba ya mayi amene akubereka. Ankagwira ntchito kwambiri ndi William Fergusson wa pachipatala cha King's College. Ankagonetsa makanda ndi nkhalamba zomwe, olemera ndi osauka. Mu 1852 anasamukira kunyumba yaikulu pa 18 Sackville Street.

Pa 7 Epulo 1853 anaitanidwa ku Buckingham Palace kukapereka chloroform kwa Mfumukazi Victoria pobereka mwana wake wachisanu ndi chitatu, Leopold. Apa sanagwiritse ntchito chipangizo chake. Ankadontheza pang'onopang'ono pakansalu nthawi iliyonse ululu ukamabwera, kwa mphindi 53, osalola kuti mfumukaziyo igone tulo tofa nato. Magazini ya madokotala ya The Lancet inadzudzula zoika moyo wa mfumukazi pachiswe, koma Victoria anakondwera, ndipo Snow anaitanidwanso pa 14 Epulo 1857 pobadwa Beatrice. Izi zinathandiza kuti anthu ambiri avomereze zochepetsa ululu wa pobereka.

Kufunafuna mankhwala abwino kuposa awiriwa sikunamuyendere. Mu 1856 anayamba kuyesa amylene, koma pa maulendo oposa 200 amene anawapereka, odwala awiri anamwalira m'manja mwake mu 1857. Nkhani za imfazi anazifalitsa yekha, ndipo mankhwalawo anasiyidwa.

Kolera

Madokotala ambiri a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti kolera imafala ndi mpweya wonunkha wochokera m'zinyalala. Kwa munthu amene ankayeza nthunzi tsiku ndi tsiku, izi sizinkamveka. Snow ankadziwa kuti chinthu chokokedwa ndi mpweya chimadzera m'mapapo n'kulowa m'magazi, komanso kuti nthunzi ikamwazika imachepa mphamvu. Koma kolera imayambira m'mimba, ndipo inkatha kupha anthu nyumba imodzi n'kusiya oyandikana nawo amene akupuma mpweya womwewo. Mu 1849 anafalitsa kabuku kakuti On the Mode of Communication of Cholera, momwe ananena kuti matendawa amalowa kudzera pakamwa, kuchokera m'chimbudzi cha wodwala, makamaka kudzera m'madzi akumwa.

Kolera itabwereranso mu 1853 ndi 1854, anapeza mwayi woyesa maganizowa. Kum'mwera kwa London makampani awiri ankagawa madzi m'misewu imodzimodzi. Kampani ya Southwark and Vauxhall inkatunga mumtsinje wa Thames mkati mwa mzinda, pamene madzi a m'zimbudzi ankathirako, pomwe ya Lambeth inali itasamutsira malo otungira kumtunda kwa mtsinje mu 1852. Snow anayenda khomo ndi khomo kufunsa kampani imene nyumba ya womwalira inkamwako. M'masabata 7 oyambirira a mliri wa 1854, pa nyumba 10,000 zilizonse za Southwark and Vauxhall panali imfa 315, pamene za Lambeth zinali 37.

Kumapeto kwa Ogasiti chaka chomwecho kolera inabuka ku Soho, pafupi ndi kwawo, ndipo anthu oposa 500 anamwalira m'masiku 10. Snow anapeza kuti ambiri ankamwa madzi a pamjigo wa mu Broad Street. Ogwira ntchito pamalo ofululira mowa mumsewu womwewo, amene sankamwa madzi a mjigowo, sanafe. Mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, amene ankatumiziridwa madzi a mjigowo chifukwa chowakonda, anamwalira. Pa 7 Sepitembala Snow analankhula ndi akuluakulu a parishi ya St James, ndipo m'mawa mwake chogwirira cha mjigo chinachotsedwa. Nthano yotchuka imati zimenezi ndizo zinathetsa mliri, koma Snow mwini analemba kuti odwala anali atayamba kale kuchepa chifukwa anthu ambiri anali atathawa. M'busa Henry Whitehead, amene poyamba sankagwirizana naye, ndiye anadzatulukira kuti madzi ochapira matewera a khanda lodwala pa 40 Broad Street ankatayidwa m'dzenje la chimbudzi loyandikana kwambiri ndi chitsimecho. Akuluakulu a zaumoyo sanavomereze maganizo a Snow iye ali moyo. Kachilombo ka kolera kanaonedwa ndi Filippo Pacini ku Florence mu 1854, koma dziko linakhulupirira Robert Koch atakafotokozanso mu 1884.

Imfa yake

Snow sanakwatire. Thanzi lake linali lofooka kuyambira m'ma 1840 pamene anadwala impso, ndipo panthawiyo analangizidwa kuyambanso kudya nyama ndi kumwa vinyo pang'ono. Mu 1855 anali pulezidenti wa Medical Society of London. Pa 10 Juni 1858 anagwidwa ndi sitiroko akumaliza buku lake lalikulu, On Chloroform and Other Anaesthetics, ndipo anamwalira pa 16 Juni ali ndi zaka 45. Anaikidwa m'manda a Brompton ku London. Bukulo, limene linasanthula imfa 50 za chloroform imodzi ndi imodzi, linafalitsidwa chaka chomwecho ndi mnzake Benjamin Ward Richardson.

Ntchito yake ndi Malawi

Snow sanafike ku Africa. Patapita miyezi 10 chimwalirireni, pa 18 Epulo 1859, madokotala anzake awiri a ku Britain, David Livingstone ndi John Kirk, anafika m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo mbali zonse ziwiri za ntchito ya Snow zimakhudza anthu a m'dera limeneli mpaka lero.

Munthu wa pachilumba cha Chisi akafunika opaleshoni yaikulu, monga mayi amene uchembere wamuvuta, amaoloka pabwato kupita padoko la Kachulu, kenako n'kuyenda makilomita pafupifupi 30 kukafika kuchipatala chachikulu cha Zomba. M'zipatala za m'Malawi ntchito yogonetsa odwala imagwiridwa makamaka ndi makiliniko ofesala ophunzitsidwa mwapadera, pakuti madokotala a ntchitoyi ndi ochepa. Kwa zaka zambiri zipatala za m'maboma zinkadalira zipangizo zimene wodwala amakokeramo yekha mpweya wa m'chipinda kudzera pamwamba pa mankhwala, popanda masilinda a mpweya. Chimodzi mwa zipangizo zoterezi, EMO ya ku Oxford, chili ndi chipinda cha madzi chosungira kutentha kwa ether, mfundo yomwe ija ya Snow ya mu 1847. Ether anakhalitsa m'mayiko ngati Malawi chifukwa anali wotsika mtengo komanso sankafooketsa msanga kupuma, ngakhale amayaka moto ndi kusanzitsa. Pambuyo pake malo ake anatengedwa ndi halothane ndi isoflurane, amene amafooketsa kupuma kuposa ether, pamodzi ndi ketamine wobaya ndi jakisoni wa pamsana.

Paul Fenton, amene ankaphunzitsa ntchitoyi pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira m'ma 1980, anafalitsa ndi anzake mu 2003 kafukufuku wa maopaleshoni 8,070 a amayi oyembekezera m'zipatala za m'Malawi. Amayi 85 anamwalira, ambiri a iwo ali kuwodi opaleshoni itatha. Zina mwa zinthu zimene zinkayenderana ndi imfazi zinali kuphulika kwa chiberekero, kutaya magazi ambiri, kuchepa kwa maphunziro a wogonetsa, komanso kugonetsa thupi lonse m'malo mwa jakisoni wa pamsana. Masiku ano wogonetsa amathandizidwa ndi kachipangizo kopana pachala kamene kamasonyeza okosijeni wa m'magazi, komabe amaphunzitsidwa kuyang'ana chifuwa ndi thumba la mpweya monga ankachitira Snow.

Kolera nayo imabwererabwerera ku Chilwa, nyanja yosaya yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Asodzi ambiri amakhala miyezi pa zimbowera, tinyumba toyandama m'mabango ndi milulu, ndipo madzi amene amamwa ndi omwewo amene amadzithandiziramo. Mliri utabuka kumeneko kumapeto kwa 2015, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi mabungwe monga Médecins Sans Frontières unapereka katemera wa kolera wakumwa mu 2016 kwa anthu a m'madoko, a pazilumba ndi a pa zimbowera. Asodzi a pa zimbowera ankamwa botolo loyamba pamaso pa azaumoyo, n'kupatsidwa lachiwiri kuti akamwe okha panyanja pakapita masabata awiri.